Woumba ndi dothi lake: kuphunzitsa za Mulungu ndi chilengedwe ku KwaMashu

Dera la KwaMashu, lomwe lili kumpoto kwa mzinda wa Durban m'chigawo cha KwaZulu-Natal, linamangidwa chakumapeto kwa zaka za m'ma 1950 kuti mukhale anthu akuda amene boma la tsankho linkawasamutsa mokakamiza kuchokera ku Cato Manor, malo omwe eni ake ankawatcha Mkhumbane, potsatira lamulo la Group Areas Act la 1950 lomwe linkagawa malo okhala molingana ndi khungu la munthu. Dzina la derali limakumbutsa Marshall Campbell, mzungu yemwe anali ndi minda ikuluikulu ya nzimbe kumeneko, ndipo ulimi wa nzimbe womwewo ndi umene unabweretsa ku Natal anthu oposa 150,000 ochokera ku India pakati pa 1860 ndi 1911 kudzagwira ntchito ya kontirakiti, ambiri mwa iwo olankhula Chitamil, Chitelugu ndi Chihindi. Zidzukulu zambiri za antchito amenewo zimakhala ku Phoenix, dera lomwe linatsegulidwa mu 1976 moyandikana ndi KwaMashu, kotero kuti mwana wasukulu wa kuno akauzidwa kuti ayerekeze chiphunzitso cha pantheism ndi chikhulupiriro cha Chikhristu mwa Mulungu mmodzi, amakhala akupatsidwa mawu amene tsiku lomwelo akhoza kuwamata pa munthu wokwera naye minibasi imodzi kapena womugulitsa buledi m'masitolo a pa Bridge City.

Pakati pa ana amenewa palinso ana a Amalawi omwe makolo awo anapita ku Durban kukasoka zovala, kukagwira ntchito za m'nyumba ndi za m'magalaja, kapena kukachita timalonda, ndipo ana oterewa amakula akumva za Chauta kapena za Allah kunyumba, za uNkulunkulu kusukulu ndi kutchalitchi, uku tsidya la msewu akuona mbendera zofiira zozikidwa pa nsungwi pakhomo la banja la Chihindu. Funso la mmene Mulungu amakhudzanirana ndi dziko, lomwe kwina limaoneka ngati la akatswiri a ku yunivesite okha, kwa iwo ndi funso la pakhomo.

Pantheism ndi chiphunzitso chakuti Mulungu ndi chilengedwe chonse ndi chinthu chimodzi, moti kunja kwa dziko, nyenyezi, anthu ndi malamulo oyendetsa zonsezi kulibe mlengi wina amene anazipanga ndi kuziyang'anira ali padera. Theism ya Chikhristu, kumbali inayo, imaphunzitsa kuti kuli Mulungu mmodzi wamoyo, amene amadziwa, amafuna, amakonda ndi kulankhula, yemwe analenga zonse mwa kufuna kwake popanda kuzitenga kwina kapena kuzidula kuchokera pa iye mwini, ndipo ngakhale ali paliponse ndi kuchirikiza zonse, iye sali chimodzi mwa zolengedwa, komanso sali zolengedwa zonse zikaphatikizidwa. Aphunzitsi akamatchula ziwirizi kuti ndi kaonedwe ka dziko amatanthauza mayankho amene munthu amayenda nawo, nthawi zambiri osawatchula, pa mafunso monga akuti chenicheni chimene chilipo n'chiyani, munthu ndani, akafa amapita kuti, ndipo chabwino chimasiyana bwanji ndi choipa. Njira yophunzitsira poika mafunso otere patsogolo inatchuka kwambiri m'masukulu a Baibulo kudzera m'buku la James Sire, wolemba wa Chikhristu wa ku America, lotchedwa The Universe Next Door, lomwe linatuluka mu 1976 ndipo linaika zikhulupiriro zambiri za ku India ndi maiko ena akum'mawa pansi pa mutu umodzi wa pantheism.

Mphunzitsi wa sukulu ya boma ku South Africa alibe ufulu wogwiritsa ntchito buku loterolo mmene abusa angaligwiritsire ntchito m'kalasi la ofuna kubatizidwa. Gawo 15 la malamulo oyendetsera dziko a 1996 limateteza ufulu wa chipembedzo, ndipo ndondomeko ya boma ya zachipembedzo m'masukulu, yomwe inakhazikitsidwa mu 2003 pamene Kader Asmal anali nduna ya zamaphunziro, inasiyanitsa kuphunzitsa ana za zipembedzo, komwe ndi ntchito ya sukulu, ndi kulera mwana m'chikhulupiriro chimodzi, komwe ndi ntchito ya makolo, mpingo, mzikiti kapena kachisi. Ophunzira onse amakumana ndi nkhanizi pang'ono m'phunziro la Life Orientation, pamene Religion Studies ndi phunziro losankha kuyambira Giredi 10 mpaka 12, lomwe limalembedwa pa mayeso a matiriki ngakhale kuti sukulu zimene zimaliphunzitsa ndi zochepa. Makhoti nawonso anaikapo mawu awo: mu 2007 khoti loona za malamulo oyendetsera dziko, m'chigamulo chomwe analemba Pius Langa, linapeza kuti sukulu ina ya atsikana ku Durban inalakwa poletsa wophunzira wa Chihindu kuvala kachipini pamphuno, ndipo mu 2017 khoti lalikulu la ku Johannesburg linagamula kuti sukulu ya boma siyenera kudzionetsa ngati ya chipembedzo chimodzi. Choncho mphunzitsi amayenera kuonetsa kusiyana kwa ziphunzitso momveka bwino popanda kugamulira ana mbali yopambana, ntchito yomwe ndi yovuta kuposa kulalikira, komanso yovuta kuposa kungonena kuti zipembedzo zonse n'zofanana.

Pamene kusiyana kwagona

Munthu amene anafotokoza pantheism mwadongosolo kwambiri anali Baruch Spinoza, Myuda wobadwira ku Amsterdam mu 1632, yemwe anachotsedwa mu sunagoge mu 1656, nakhala moyo wake akupala magalasi oonera zinthu mpaka imfa yake mu 1677, chaka chomwe buku lake la Ethics linasindikizidwa iye atamwalira kale. Spinoza anaganiza kuti ngati Mulungu alidi wopanda malire, ndiye kuti sipangakhale chinthu china chimene chili kunja kwake, chifukwa chinthu choterocho chingakhale malire ake. Motero pali chenicheni chimodzi chokha, chimene munthu angachitche Mulungu kapena chilengedwe, ndipo mitengo, nyanja, maganizo ndi matupi a anthu ndi maonekedwe ake osiyanasiyana. Mawu oti pantheist anawafalitsa John Toland mu 1705, Spinoza atapita kale, koma dzina lake ndi limene lamatirira ku chiphunzitsochi kufikira lero. Ophunzira ayenera kuona kuti mfundo yake ili ndi mphamvu, pakuti imayambira pa chinthu chimene Akhristu amavomereza, ndicho ukulu wopanda malire wa Mulungu, ndipo mwana amene wangouzidwa kuti a pantheism amapembedza mitengo sangayankhe mfundo imeneyi akadzakumana nayo.

Mpingo unayankha nkhani yotereyi kalekale ndi chiphunzitso chakuti Mulungu analenga dziko popanda kanthu, chomwe msonkhano wachinayi wa ku Lateran unachitsimikiza mu 1215, ndipo msonkhano woyamba wa ku Vatican mu 1870 unakana mwachindunji maganizo oti umulungu ndi zolengedwa zili ndi chikhalidwe chimodzi. Malinga ndi yankho limeneli, Mulungu ndi dziko si zinthu ziwiri zofanana zolimbirana malo, ngati kuti dziko likakula Mulungu achepa, chifukwa dziko limadalira Mulungu pa kukhalapo kwake konse pamene Mulungu sadalira dziko pa chilichonse.

Chifanizo chimodzi chimathandiza kwambiri m'kalasi, ndipo ubwino wake ndi wakuti mbali zonse ziwiri zinachigwiritsa ntchito zokha m'malemba awo, choncho mphunzitsi sachita kuchipeka. M'buku lakale la Chihindu la Chandogya Upanishad, bambo wina dzina lake Uddalaka amaphunzitsa mwana wake Svetaketu kuti munthu akadziwa dothi wadziwa zonse zoumbidwa ndi dothi, popeza mayina a ziwiya ndi osiyana koma chenicheni chake ndi dothi lomwelo. M'Baibulo namo, mneneri Yeremiya amatumidwa kunyumba ya woumba mbiya, ndipo Paulo m'kalata yake kwa Aroma amabwerera ku chithunzi chomwecho, koma kumeneko maso ali pa woumbayo, amene ali ndi cholinga, amasankha, ndipo akhoza kuphwanya ndi kuumbanso. Mwana wa ku KwaMashu amene anaonapo ukhamba, mphika wa dothi womwera mowa wa masese, kapena mwana wa Mmalawi amene amakumbukira mbiya ya agogo ake ku Dedza, amagwira msanga mfundoyi: gulu lina likuti Mulungu ali ngati dothi la mbiya, gulu lina likuti ali ngati mmisiri wake. Chifanizochi chili ndi potsimphina pake, ndipo mphunzitsi woona mtima amanena zimenezo, chifukwa woumba wa pansi pano amakumba dothi limene sanalipange ndipo akamaliza amachoka, pamene Mulungu wa Chikhristu sanapeze dothi lililonse ndipo sachoka.

Kuchokera pa kusiyana kumodzi kumeneku mafunso ena onse amatsata okha. Pa pemphero, Mkhristu amalankhula ndi wina amene amamva ndipo akhoza kuyankha kapena kukana, pamene kwa Spinoza zonse zimachitika mmene ziyenera kuchitikira, zozizwitsa kulibe, ndipo munthu wokonda Mulungu sayembekezera kuti Mulunguyo amukondenso, koma amapeza mtendere pomvetsa malo ake m'dongosolo la zonse. Pa imfa, Chikhristu chimayembekezera kuuka kwa thupi ndi kusungidwa kwa munthu aliyense ndi dzina lake, pamene pantheism imaona munthu ngati maonekedwe a kanthawi a chinthu chosatha.

Funso la choipa ndi limene limatenga nthawi yaitali, ndipo m'dera ngati ili liyenera kutero. Makolo a ophunzirawa anadutsa m'nkhondo ya pakati pa otsatira Inkatha ndi otsatira UDF ya ku South Africa ndi ANC m'zaka za m'ma 1980 ndi kumayambiriro kwa m'ma 1990. Mu Epulo 2015 alendo ochokera kumaiko ena, kuphatikizapo Amalawi, anamenyedwa ndi kuthamangitsidwa m'madera a Durban mpaka boma la Malawi linatumiza mabasi kukatenga anthu ake. Mu Julaye 2021 anthu 36 anaphedwa ku Phoenix pa nthawi ya zipolowe, ambiri a iwo akuda ochokera m'madera oyandikana nawo. Ndipo mu Epulo 2022 madzi osefukira anapha anthu oposa 400 m'chigawochi. Wophunzira wa Chikhristu amafulumira kufunsa wa pantheism kuti, ngati zonse zili Mulungu, kodi mpeni ndi dzanja la wakuphayo nazonso ndi Mulungu, ndipo ngati zili choncho, munthu angaime pati kuti anene kuti zimenezi siziyenera kuchitika? Limeneli ndi funso lolemera, ndipo yankho la Spinoza, lakuti chabwino ndi choipa ndi mayina amene anthu amapatsa zinthu molingana ndi mmene zikuwathandizira kapena kuwapweteka, silikhutiritsa aliyense amene waika m'bale wake m'manda. Komabe kuyerekeza koona kumafuna kuti funso libwererenso kwa wofunsayo: ngati Mulungu ali wabwino, wamphamvu zonse ndipo ali padera ndi dziko moti akhoza kulowererapo, n'chifukwa chiyani analola matope akwirire ana ali m'tulo? Augustine, bishopu wa ku Hippo m'dziko lomwe lero ndi Algeria, amene anamwalira mu 430, anayankha kuti choipa si cholengedwa koma kusowa kwa chabwino ndi kupotoka kwa chifuniro, yankho lomwe limagwira bwino pa nkhanza za anthu koma limavutika pa madzi osefukira. Kalasi limene laonetsa bala la mbali imodzi n'kubisa la inayo lanamiza ana, ndipo ana a ku KwaMashu, omwe maliro sali achilendo kwa iwo, amazindikira msanga bodza loterolo.

Dzina lomatidwa pa mnansi

Vuto lalikulu la tebulo la mizere iwiri, lomwe limaika Chikhristu kumanzere ndi pantheism kumanja, limabwera pamene wophunzira afunsa kuti kodi a pantheism amenewa ndani, chifukwa yankho lachidule limene mabuku ambiri amapereka ndi lakuti ndi Ahindu, ndipo mwanayo amatembenukira ku Phoenix. Yankholi ndi loperewera kwambiri. Ndi zoona kuti m'Chihindu muli chiphunzitso cha Advaita Vedanta, chomwe Shankara anachifotokoza cha m'ma 700 kapena kumayambiriro kwa m'ma 800, chakuti chenicheni ndi chimodzi, chotchedwa Brahman, ndipo mzimu wa munthu suli wosiyana nacho. Koma ngakhale Shankara sanena kuti dziko ndi Mulungu mmene Spinoza ananenera. Iye akuti dziko looneka ndi maso silili chenicheni pa lokha, ndipo akatswiri ambiri amakana kuti zimenezi zitchedwe pantheism. Pambuyo pake Ramanuja anaphunzitsa kuti mizimu ndi dziko zilipodi ndipo zili mwa Mulungu wokonda ndi wokondedwa monga thupi lake, maganizo oyandikira ku chimene Karl Krause wa ku Germany anachitcha panentheism mu 1828, kutanthauza kuti zonse zili mwa Mulungu koma Mulungu amaposa zonsezo. Madhva, wa m'zaka za m'ma 1200, anapitirira apo nanenetsa kuti Mulungu ndi mzimu wa munthu ndi osiyana kwamuyaya.

Chipembedzo chimene antchito a m'minda ya nzimbe anabwera nacho chinali makamaka cha mapemphero, malonjezo ndi nsembe kwa mulungu wodziwika ndi dzina. Khamu limene limasonkhana pa kachisi wa Mariamman ku Mount Edgecombe nyengo ya Pasaka, kapena anthu amene amasenza kavady polemekeza Murugan, amapita kukapempha machiritso ndi kukathokoza wina amene amakhulupirira kuti wawamva, ndipo mayi wochita zimenezi angadabwe atauzidwa kuti m'buku la sukulu walembedwa ngati munthu wosakhulupirira Mulungu womva mapemphero. Vedanta inafika ku Durban mwamphamvu pambuyo pake, kudzera m'mabungwe monga Ramakrishna Centre ya ku Glen Anil ndi Divine Life Society, ndipo mabungwe amenewa amadziwika m'madera a anthu akuda chifukwa cha zipatala zoyendayenda, chakudya ndi sukulu zimene anathandiza kumanga. Ku KwaMashu komweko kuli sukulu yotchedwa Sivananda Technical High School, yomwe ili ndi dzina la Swami Sivananda wa ku Rishikesh, mphunzitsi wa Vedanta amene anayambitsa Divine Life Society mu 1936. Mfundo imene imanenedwa kawirikawiri m'makalasi a mpingo, yakuti munthu wokhulupirira kuti zonse ndi chimodzi alibe chifukwa chothandizira mnzake, imafunika kuyesedwa ndi makoma a sukulu ngati imeneyo, pakuti otsatira Vedanta amayankha kuti amatumikira wosauka chifukwa amaona mwa iye umulungu womwewo. Wina akhoza kutsutsa ngati yankholi likugwirizana ndi chiphunzitso chonse, ndipo kutsutsana koteroko n'koyenera m'kalasi, koma sangakane kuti ntchito zachifundozo zilipo. Tisaiwalenso kuti anthu ambiri a ku Phoenix ndi Akhristu, makamaka a mipingo ya Chipentekoste yomwe inakula pakati pa Amwenye a ku Durban kuyambira m'zaka za m'ma 1930, ndipo ena ndi Asilamu.

Dzina lomweli limamatidwanso pa chipembedzo cha makolo a mu Africa, ndipo apa cholakwikacho n'chachikulu koposa. Kuyambira pamene Placide Tempels, wansembe wa ku Belgium, analemba mu 1945 kuti anthu a Chibantu amaona zonse ngati mphamvu ya moyo yoyenda m'zolengedwa, pakhala chizolowezi choganiza kuti munthu wothira nsembe pansi pa mtengo amayesa mtengowo Mulungu. John Mbiti wa ku Kenya, m'buku lake la 1969 lofotokoza zipembedzo za mu Africa, anakana zimenezi ponena kuti anthu amaona Mulungu ali pafupi ndi zolengedwa koma samusokoneza nazo. Nthano zenizenizo zimamuchitira umboni. Achewa amasimba kuti pa Kaphirintiwa, m'mapiri a Dzalanyama, Chauta anatsika ndi mvula pamodzi ndi anthu oyamba ndi nyama, nakhala nawo mwamtendere kufikira munthu atapeka moto ndi kutentha tchire, ndipo pamenepo Chauta anakwera kumwamba pa ulusi wa kangaude. Azulu, monganso Achewa, amasimba za bilimankhwe amene anatumidwa ndi uthenga wa moyo koma anachedwa panjira, buluzi n'kumupitirira ndi uthenga wa imfa. Mulungu amene amatsika, kukhumudwa, kuchoka ndi kutuma amithenga ndi wosiyana ndi dziko mwina kuposa mmene Chikhristu chimaphunzitsira, kotero kuti ngati pali funso loti Mkhristu afunse agogo ake, ndi la kutalikira kwa Chauta, osati la kusungunuka kwake m'chilengedwe. Amadlozi a Azulu ndi mizimu ya makolo ya Achewa imasunga mayina, maudindo ngakhalenso mkwiyo wake, zomwe zikusonyeza kuti munthu akafa sasungunuka. Gabriel Setiloane, m'busa wa Methodist, ananenetsa mu 1976 kuti Modimo wa Asotho ndi Atswana sayenera kufotokozedwa ngati munthu wamkulu wokhala kumwamba koma ngati mphamvu yodabwitsa yolowerera zonse, ndipo maganizo akewa akuonetsa kuti nkhaniyi siinatsekedwe ngakhale pakati pa akatswiri a mu Africa.

Ku Inanda, mtunda waufupi kuchokera ku KwaMashu, kuli Ekuphakameni ndi Ebuhleni, midzi yopatulika ya mpingo wa amaNazaretha umene Isaiah Shembe anayambitsa cha m'ma 1910, ndipo mwezi wa Januwale uliwonse otsatira ake ovala zoyera amayenda ulendo wapansi wopanda nsapato kupita kuphiri lopatulika. M'makalasi ambiri a m'derali muli ana a mpingo umenewu, ndipo iwo amadziwa bwino kuti kuvula nsapato pamalo opatulika sikutanthauza kuti phirilo ndi Mulungu. Wophunzira woteroyo akhoza kuthandiza anzake kusiyanitsa zinthu zitatu zimene zimasokonezedwa kawirikawiri, ndizo kunena kuti Mulungu amakumana ndi anthu pamalo ena, kunena kuti Mulungu ali paliponse, ndi kunena kuti paliponse ndi Mulungu. Chachiwiricho ndi chiphunzitso cha Chikhristu chenicheni, ndipo buku la Machitidwe limasimba kuti Paulo, polankhula ndi anthu a ku Athens, anabwereka mawu a alakatuli achikunja, mmodzi wa iwo Aratus yemwe anaphunzira kwa Asitoiki, pofuna kuonetsa kuyandikira kwa Mulungu, asanapatuke ndi kunena za chiweruzo ndi kuuka kwa akufa.

Mbiri ya malire

Pali chifukwa china chimene mphunzitsi wa ku South Africa ayenera kuyendera mosamala, ndipo chimakhudzanso Amalawi. Mwambo woyerekeza Chikhristu ndi ziphunzitso zina ngati njira zopikisana za kaonedwe ka dziko unalimbikitsidwa kwambiri ndi Abraham Kuyper, m'busa ndi wandale wa ku Netherlands amene anayambitsa Vrije Universiteit ku Amsterdam mu 1880 nakhala nduna yaikulu ya dzikolo kuyambira 1901 mpaka 1905. Mu 1892 Kuyper anakamba nkhani yotchuka yodzudzula pantheism, ndipo mlandu waukulu umene anaiimba unali wakuti imafafaniza malire: pakati pa Mulungu ndi dziko, pakati pa chabwino ndi choipa, pakati pa choona ndi chonama. Patapita zaka, akatswiri ena a zaumulungu ndi a maphunziro a Chiafrikana, makamaka a ku Potchefstroom, anatenga maganizo a malire oikidwa ndi Mlengi n'kuwakokera ku mitundu ya anthu, ndipo kuchokera mmenemo munatuluka ndondomeko ya Christian National Education ya 1948 imene inalowa m'lamulo mu 1967. Olemba mbiri amasiyana maganizo pa kukula kwa mlandu wa Kuyper mwiniwake, koma palibe amene amakana kuti chilankhulo cha malire opatulika chinatumikira boma lomwe linaika Azulu ku KwaMashu, Amwenye ku Phoenix, ndi kusiya malo opanda nyumba pakati pawo. Mpingo wa Dutch Reformed wa Aafrikana ndi umene unatumiza A.C. Murray ndi T.C.B. Vlok kukatsegula mishoni ya Mvera mu 1889, chiyambi cha Sinodi ya Nkhoma, choncho Mmalawi wa CCAP wokhala ku Durban ali ndi gawo lake m'mbiri imeneyi.

Izi sizikutanthauza kuti Kuyper analakwa pa zonse. Theism ya Chikhristu imaimadi pa malire, koma malire ake ndi amodzi okha, a pakati pa Mlengi ndi zolengedwa, ndipo malire amenewo amaika anthu onse mbali imodzi, mfumu ndi kapolo, Mzulu, Mmwenye ndi mlendo wochokera ku Mangochi. Akhristu makaladi a m'banja lomwelo la mipingo ya Reformed ananena zofanana ndi zimenezi m'chivomerezo cha Belhar, chomwe chinalembedwa mu 1982 ndi kuvomerezedwa mu 1986, pamene anati kulekanitsa anthu molingana ndi khungu ndi tchimo. Chodabwitsa n'chakuti Vedanta imafika pa umodzi wa anthu podzera njira yosiyana kotheratu, ndiyo yochotsa malire onse, ndipo wophunzira amene waona kuti njira ziwiri zotsutsana zikhoza kukana tsankho, iliyonse pa zifukwa zake, komanso kuti iliyonse inagwiritsidwapo ntchito poteteza kusalingana, kaya kwa khungu ku South Africa kapena kwa magulu obadwa nawo ku India, waphunzira chinthu chimene tebulo la mizere iwiri silikanamuphunzitsa. Dera la Inanda lili ndi zitsanzo zamoyo za zonsezi pamtunda wochepa: sukulu ya atsikana ya Inanda Seminary yomwe amishoni a ku America anatsegula mu 1869, sukulu ya Ohlange ya John Langalibalele Dube komwe Nelson Mandela anakaponya voti yake mu 1994, ndi mudzi wa Phoenix Settlement umene Mohandas Gandhi anakhazikitsa mu 1904, womwe unaonongedwa pa zipolowe za 1985 ndi kukonzedwanso mu 2000.

Muyeso wabwino wa kalasi lotere ndi wosavuta kunena ngakhale kuti ndi wovuta kuukwaniritsa: wophunzira afotokoze chikhulupiriro chimene iye sachitsatira m'njira yoti mwini chikhulupirirocho atamva avomereze kuti ndi chakedi, ndipo pokhapokha atatero ndiye aloledwe kuchitsutsa. Makolo ena a Chikhristu amaopa kuti mwana akamvetsa Spinoza kapena Shankara mpaka pamenepo adzataya chikhulupiriro, ndipo mantha amenewa si opanda pake, chifukwa kuwerenga kumasinthadi anthu ena. Koma mwana amene sanamvepo mfundo yamphamvu ya mbali inayo nthawi zambiri sadziwanso chimene mpingo wake umaphunzitsa, ndipo si zachilendo kumva wachinyamata wa kwaya akunena kuti munthu aliyense ndi kachidutswa ka Mulungu, kapena kuti chilengedwe chidzamupatsa chimene akuchilakalaka, mawu amene wawatola pa TikTok osadziwa kuti katekisimu wake amawakana.

Malawi anakumana ndi funso lomweli mu 2000, pamene unduna wa zamaphunziro unafuna kuchotsa Bible Knowledge m'masukulu a sekondale ndi kuikamo Religious and Moral Education, phunziro lokhudza Chikhristu, Chisilamu ndi chipembedzo cha makolo. Mipingo inakana mwamphamvu, Pulezidenti Bakili Muluzi anaimitsa kusinthako, ndipo mapeto ake maphunziro onse awiri anasiyidwa kuti sukulu zizisankha. Zotsatira zake n'zakuti wophunzira wa sukulu imene inasankha Bible Knowledge akhoza kulemba mayeso a Fomu 4 osafunsidwapo kuti afotokoze mwadongosolo chikhulupiriro cha mnzake wokhala naye desiki imodzi, ndipo akadzakwera basi ya ku Joni n'kupeza ntchito m'sitolo ya banja la Chihindu ku Phoenix kapena ku Verulam, phunziro limenelo amakaliyamba yekha, popanda mphunzitsi.